Mmene Mungagulire ndi Kusunga Mfuti Zakale za Asilikali Zogulitsidwa ku America

Nkhondo ikatha, mfuti sizitha nayo limodzi. Maboma amazisonkhanitsa, amazikonza, amazipaka girizi wambiri ndi kuzitsekera m'nkhokwe kwa zaka makumi angapo, mpaka tsiku limene asilikali awo alandira zida zatsopano ndipo zakalezo zasanduka katundu wongodya malo. Pamenepo ndi pamene amalonda amafika. Mmodzi wa otchuka pa malonda amenewa anali Samuel Cummings, amene anayambitsa kampani ya Interarms mu 1953 ndipo anadzaza nyumba zosungiramo katundu ku Alexandria, m'boma la Virginia, ndi mfuti zimene ankagula kwa maboma a ku Ulaya. Kuyambira nthawi imeneyo dziko la America lakhala msika waukulu wa mfuti zotere, ndipo malangizo ali munowa akukhudza kwambiri munthu amene akukhala kumeneko. Kwa ife a ku Malawi nkhaniyi si yachilendo kwenikweni, pakuti mfuti ya Lee-Enfield ya .303, imene imapezeka kawirikawiri pamsika umenewu, ndi mtundu womwewo umene agogo athu a Keyala, gulu la King's African Rifles limene linakhazikitsidwa mu 1902, ananyamula kuchokera ku Zomba mpaka kunkhalango za ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Munthu wogula mfuti yotere sakugula chida chabwino koposa zamakono. Akugula mbiri imene inadindidwa pachitsulo ndi pathabwa, ndipo luso lonse la ntchitoyi lagona pa kudziwa kuwerenga zidindozo ndi kusazifafaniza.

Yambani ndi lamulo

Musanayang'ane mtengo wa mfuti iliyonse, dziwani ngati lamulo likukulolani kukhala nayo. Nzika ya America ndiponso munthu amene ali ndi green card angathe kugula mfuti yaitali kwa wamalonda wa chiphaso akakwanitsa zaka 18, ngakhale kuti maboma ena monga California ndi Florida anakweza zakazo kufika pa 21. Wogula amadzaza fomu yotchedwa Form 4473, ndipo wamalondayo amafufuza mbiri yake kudzera mu dongosolo la NICS asanamupatse mfutiyo. Munthu amene analowa m'dzikomo pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yongocheza ndi woletsedwa kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulo linatchula, monga kukhala ndi chiphaso chovomerezeka chosakira nyama. Kugulira mnzanu mfuti m'dzina lanu, ngakhale ndi mbale wanu weniweni amene wakupatsani ndalama zake, ndi mlandu waukulu wotsekeretsa m'ndende, ndipo kwa munthu wobwera umathetsanso ufulu wake wokhala m'dzikomo.

Amene wasankha kutolera mfuti zakale mwakhama amapindula ndi chiphaso cha Type 03, chimene ambiri amangochitcha kuti C&R, chochokera ku bungwe la boma loyang'anira za mfuti la ATF. Chimaperekedwa kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposa, mtengo wake ndi madola 30 ndipo chimagwira ntchito zaka zitatu. Mfuti imene yakwanitsa zaka 50 chiipangireni, ndipo ikadali mmene inapangidwira, imalowa m'gulu limeneli, ndiye mwini chiphaso angathe kuitanitsa kuchokera kuboma lina n'kuilandirira pakhomo pake. Chiphasochi sichipereka ufulu wochita malonda a mfuti, ndipo chimabwera ndi udindo wolemba m'buku mfuti iliyonse imene mwalandira kapena kugulitsa, tsiku lake ndi dzina la amene mwachita naye malondawo. Maboma monga New York, New Jersey ndi California amawonjezera malamulo awoawo, choncho werengani a kumene mukukhala. Mfuti zopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake lamulo la dziko lonse limaziona ngati zinthu zamakedzana, koma ngakhale pamenepa boma lanu lingathe kunena zina.

Ku Britain mfuti ya .303 imafuna chiphaso cha apolisi pansi pa Firearms Act ya 1968, chifukwa chomveka chokhalira nayo ndi kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma. Ku South Africa wotolera amafunsira chiphaso pansi pa ndime 17 ya Firearms Control Act ya 2000, ndipo ayenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka la otolera. Kwa iwo amene amatumiza makontena a katundu kumudzi ndinene mosapsatira: mfuti, ngakhale yakale chotani, siikidwa pakati pa zovala ndi mipando. Kuitulutsa ku America kumafuna chilolezo cha boma, kuilowetsa ku Malawi kumafuna china, ndipo kukhala nayo kwathu kumafuna laisensi ya apolisi.

Sankhani munda umodzi

Woyamba kumene amakopeka ndi chilichonse chotsika mtengo, ndipo pakatha zaka ziwiri amapezeka ali ndi mfuti zisanu za mayiko asanu, osadziwa bwino ngakhale imodzi. Ine ndimalangiza kuti munthu asankhe banja limodzi la mfuti, agule buku lofotokoza zidindo zake asanagule mfutiyo, ndipo agwire m'manja zambiri ndithu asanatulutse ndalama. Mosin-Nagant ya ku Russia, imene inayamba mu 1891 ndipo imadya zipolopolo za 7.62x54R, ndiyo inali poyambira anthu ambiri, pakuti m'zaka za m'ma 2000 inkagulitsidwa pa mtengo wosafika madola 100, ngakhale kuti lero yakwera kangapo. Mauser K98k ya ku Germany, ya 1935, ndi yofunidwa kwambiri ndipo n'chifukwa chake ilinso ndi zachinyengo zambiri. Mauser m/96 ya ku Sweden ndi K31 ya ku Switzerland kawirikawiri zimapezeka zosamalika bwino, chifukwa mayiko awiriwa sanamenye nawo nkhondo zazikuluzo. Wofuna mbiri ya kumwera kwa Africa ali ndi Mauser ya 7x57 ya Mabunu, imene zina zili ndi zilembo OVS za boma la Orange Free State ndi mayina ojambulidwa ndi mpeni pathabwa, komanso Mauser-Vergueiro ya 1904 imene asilikali a Apwitikizi anagwiritsa ntchito ku Mozambique.

Koma chitsanzo changa chikhala Lee-Enfield, osati chifukwa cha Keyala chokha, komanso chifukwa Angerezi ankadinda pafupifupi chilichonse chimene chachitikira mfuti zawo, moti mfuti imodzi imatha kukuuzani ulendo wake wonse.

Kuwerenga zidindo

Chidindo choyamba kuchifufuza ndi cha kampani imene inalowetsa mfutiyo mu America. Lamulo la Gun Control Act la 1968 linatseka khomo la mfuti zotsala za asilikali akunja, ndipo linatsegulidwanso mu 1984 kwa mfuti zimene zili m'gulu la zakale zoyenera kutoleredwa. Zonse zolowa kuyambira pamenepo zimadindidwa dzina la kampani ndi mzinda wake, kawirikawiri pafupi ndi kukamwa kwa mpope kapena m'mbali mwa thupi la mfuti. Mukaona zilembo CAI ST ALB VT, dziwani kuti inadzera ku Century International Arms ya ku St. Albans, Vermont. Mfuti yopanda chidindo chotere mwina inalowa chaka cha 1968 chisanafike, ndipo zoterozo nthawi zambiri zimangokhala ndi dzina la dziko, monga ENGLAND, kapena inabwera ndi msilikali wobwerera kwawo. Otolera amalipira zambiri pa mfuti yopanda chidindochi, ndiye yang'anitsitsani ngati pamalopo sanapale ndi kupakapo utoto. Wogulitsa akanena kuti agogo ake anaitenga kunkhondo pamene chidindo cha kampani chikuonekera, nkhani yakeyo yadzitsutsa yokha.

Pa Lee-Enfield ya mtundu wa SMLE No.1 Mk III, imene inavomerezedwa mu 1907, tsegulani bolt, chitsulo chija chokoka ndi dzanja, ndipo muyang'ane mkombero wachitsulo umene uli pansi pa chogwirira chake kudzanja lamanja. Pamenepo pali chisoti chaufumu, zilembo za mfumu monga GR, dzina la fakitale ndi chaka. Enfield ndi BSA ndi za ku England, Lithgow ndi ya ku Australia, pamene Ishapore ndi ya ku India. Nyenyezi yotsatira Mk III ikusonyeza mtundu wophweka umene anayamba kupanga mkati mwa nkhondo yoyamba kuti ntchito ifulumire. Mtundu wa No.4, umene unafala kuyambira 1941, unapangidwa ku Fazakerley, Maltby ndi Shirley ku England, ku Long Branch ku Canada, ndiponso ndi kampani ya Savage ku America, ndipo za Savage zimadziwika ndi mawu akuti U.S. PROPERTY. Kamuvi ka nthambi zitatu ndi chizindikiro cha katundu wa boma la Britain. Zilembo FTR ndi chaka zikutanthauza kuti mfutiyo inabwerera kufakitale kukakonzedwa yonse, ndipo ichi si cholakwa, ndi gawo la mbiri yake. Koma zilembo DP ndi chenjezo lalikulu: mfuti imeneyo inachotsedwa pa ntchito yowombera n'kusiyidwa kuti izingogwiritsidwa ntchito pa perete, ndipo siyenera kuwomberedwa ngakhale kamodzi, kaya ikuoneka yokongola motani.

Mabanja ena ali ndi chilankhulo chawonso. Pa Mosin-Nagant, muvi m'kati mwa nyenyezi ndi fakitale ya Tula, muvi m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu ndi ya Izhevsk, ndipo zilembo SA m'kabokosi zikusonyeza kuti inakhalapo m'manja mwa asilikali a ku Finland. Ajeremani ankabisa mayina a mafakitale awo ndi zilembo, monga byf ya Mauser ku Oberndorf ndi bnz ya Steyr, ndipo chilembo X pa K98k kawirikawiri chimasonyeza mfuti imene inalandidwa ndi asilikali a Soviet Union, amene anaiphwasula ndi kuilumikizanso ndi zigawo za mfuti zina. Pa Arisaka ya ku Japan, duwa la mfumu limene lili pamwamba linapalidwa pa mfuti zambiri zimene zinaperekedwa nkhondo itatha mu 1945, choncho imene duwa lake lili lonse imakwera mtengo.

Nambala ya mfuti iyenera kufanana pa thupi, pa mpope ndi pa bolt, ndipo pa SMLE imapezekanso pachitsulo cha kumphuno ndi pansi pa choyezera mtunda. Nambala zofanana zimakweza mtengo, koma yang'anani kalembedwe kake. Zimene zinalembedwa ndi cholembera chamagetsi, kapena zodindidwa pamalo opalidwa, ndi za pambuyo pake. Ngati anachita zimenezo ndi amisiri a boma pokonza mfuti, monga zilili pa Mosin zambiri, palibe vuto bola mtengo ukhale wogwirizana nazo. Vuto limabwera pamene wachita ndi munthu wadyera n'kumaigulitsa ngati yosakhudzidwa. Lee-Enfield yaifupi ya No.5, yotchedwa jungle carbine, inapangidwa ku Fazakerley ndi Shirley kokha kuyambira 1944 mpaka 1947, ndipo yeniyeni ili ndi malo osemedwa pachitsulo kuti ipepuke, pamene zambiri za pamsika ndi No.4 kapena SMLE zodulidwa. Zidindo za SS, gulu la asilikali a chipani cha Nazi, pa K98k ndi mfuti zonenedwa kuti zinali za asilikali olasa patali ndi zimene achinyengo amakonda koposa, ndipo woyamba kumene achita bwino kuzisiya mpaka atakhwima maso.

Kuyeza mfuti musanagule

Mukapatsidwa mfuti m'manja, iloze kumene kulibe munthu, chala chikhale kutali ndi chowombera, ndipo tsegulani bolt nokha kuti muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo, ngakhale mwiniwake atangoona kumene. Kenaka pemphani chilolezo chochotsa bolt ndipo muunike m'kati mwa mpope ndi katochi kakang'ono. Mizere yozungulira ya m'katimo iyenera kuoneka yakuthwa kuchokera kumbuyo mpaka kukamwa. Mpope wakuda koma wa mizere yooneka umatha kulasa bwino, pamene wa timaenje takuya ta dzimbiri kapena wotupa penapake ndi wosiya. Pa Lee-Enfield samalani kwambiri chigawo cha kumbuyo chimene chili patsogolo pa malo a chipolopolo, pakuti wonga wa cordite umene Angerezi ankagwiritsa ntchito unali wotentha kwambiri ndipo unkadya chitsulo pamenepo. Pa Mosin zambiri mudzapeza kuti kukamwa kwa mpope anakuboola mokulirapo pang'ono polowa m'kati. Imeneyo inali njira ya amisiri a boma yochotsera chigawo chimene chinatha ndi ndodo yotsukira.

Thabwa limanena zambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Zipsera ndi mikwingwirima ndi za ntchito ndipo sizichotsa ulemu wa mfuti, koma ming'alu ya kumbuyo kwa thupi la mfuti, kumene mphamvu ya kuwomba imafikira, imakula. Ngati m'mbali mwa thabwa ndi mobulungira, zidindo zake n'zosaoneka bwino ndipo chitsulo chatulukira pamwamba pa thabwa, ndiye kuti wina analipala ndi sandipepa, ndipo chimene chinachoka sichibwereranso. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mfuti zimenezi zinali zotsika mtengo kwambiri moti alenje ankadula mathabwa ake ndi kuboola chitsulo kuti amangepo galasi loonera patali. Yotere ikhoza kukhala mfuti yabwino ya mlenje, koma kwa wotolera yataya mtengo wake waukulu, ndipo kuibwezeretsa kumadya ndalama zoposa kugula yathunthu.

Chimene maso sangaone ndi headspace, mpata umene umatsala pakati pa nkhope ya bolt ndi malo amene chipolopolo chimatsamira mfuti ikatsekedwa. Mpatawu ukakula mopitirira, chikhokhombe cha chipolopolo chimatha kung'ambika ndipo mpweya wotentha umabwerera kunkhope ya wowombera. Umayezedwa ndi tizitsulo topangidwira ntchito imeneyo, ndipo pa .303 muyezo wa asilikali a Britain unali kuyambira mainchesi 0.064 mpaka 0.074. Pa No.4 mutu wa bolt umachotseka ndipo unkapangidwa m'misinkhu ya nambala 0 mpaka 3 kuti mmisiri athe kukonza mpatawu. Mfuti iliyonse ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri ipite kwa katswiri wokonza mfuti isanawombedwe koyamba, makamaka ngati nambala ya bolt ikusiyana ndi ya thupi. Palinso zina zodziwika kuti n'zoopsa: mfuti ya ku America ya M1903 yopangidwa ku Springfield ya nambala yosafika 800,000, kapena ya ku Rock Island yosafika 285,507, inapsa molakwika kufakitale ndipo chitsulo chake chimatha kusweka, choncho ndi yongosunga.

Za malo ogulira sindichulukitsa mawu. Sitolo ya mfuti ndi zionetsero za mfuti zimakupatsani mwayi wogwira katundu m'manja, ndipo kwa woyamba mwayi umenewo ndi wofunika kuposa kutsika kwa mtengo. Pogula kudzera pa intaneti, funsani zithunzi za chidindo chilichonse ndi za m'kati mwa mpope, ndiponso masiku oyezera mfuti ndi ufulu woibweza. Nkhokwe zazikulu zikutha, ngakhale kuti nthawi zina zimatulukira zina, monga zida za m'nyumba yachifumu ya Lagan Silekhana ku Kathmandu, m'dziko la Nepal, zimene kampani ya International Military Antiques inagula mu 2003, kapena mfuti za ku Ethiopia zimene kampani ya Royal Tiger Imports yakhala ikugulitsa, zimene zambiri zinagwira ntchito yakalavulagaga ndipo zimafuna kuyezedwa mosamala kwambiri.

Kutsuka, kuwombera ndi kusunga

Mfuti yochokera m'nkhokwe imafika itamatidwa ndi girizi wolimba wofiirira wotchedwa cosmoline. Pa zitsulo amachoka ndi mafuta osungunulira utoto, burashi yofewa ndi nsanza, ndipo bolt iyenera kuphwasulidwa yonse, chifukwa girizi wouma m'njira ya msomali womenya chipolopolo ndi woopsa. Pa SKS, mfuti ina ya ku Soviet Union, amachititsa kuti mfuti iwombe yokha ikamatsekeka. Thabwa likulungeni m'nsanza, muliike padzuwa kuti girizi atuluke ngati thukuta, mupukute ndi kubwereza kwa masiku angapo, kenaka mupake pang'ono mafuta a linseed, amene ndi omwe Angerezi ankapaka. Musagwiritse ntchito sandipepa, vanishi kapena makina opukutira chitsulo. Ndinaonapo SMLE ya Lithgow imene mwiniwake, ndi mtima wabwino ndithu, anaipala mpaka inawala ngati mpando wa pabalaza, ndipo zidindo zonse za pathako pake, zimene zikanatiuza magulu a asilikali amene anaisunga, zinapita ndi fumbi la masana amodzi. Pophwasula SMLE chotsani kaye thabwa la kutsogolo musanamasule bawuti ya thako, pakuti nsonga ya bawutiyo ili ndi makona anayi ndipo imalowa m'kachitsulo ka m'thabwa la kutsogololo. Mukaipotoza thabwa likadalipo, limang'ambika.

Tsimikizani mtundu wa zipolopolo musanaike chilichonse m'mfuti, chifukwa zambiri zinasinthidwa. Ishapore 2A ndi 2A1 za m'ma 1960 zimafanana ndi SMLE koma zimadya 7.62 NATO, osati .303, ndipo Gewehr 88 yakale ya ku Germany ingakhale ndi mpope wopapatiza kuposa zipolopolo za 8mm zimene zinabwera pambuyo pake. Zipolopolo zakale za asilikali kawirikawiri zili ndi choyatsira chimene chimasiya mchere m'mpope, ndipo mcherewo umakoka chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Mafuta okha sauchotsa. Tsiku lomwelo mwawombera, tsukani mpope ndi nkhope ya bolt ndi madzi otentha, muumitse bwino, kenaka mutsuke mwa nthawi zonse ndi kupaka mafuta. Chipolopolo chakale chikakana kuphulika, mfuti ikhalebe italoza kutsogolo kwa mphindi yathunthu musanatsegule bolt, pakuti zina zimachedwa kuyaka. Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, ndipo muziwombera pabwalo lovomerezeka lokha.

Posunga, mfuti zikhale m'kabati yachitsulo yokhoma, zopanda chipolopolo, zipolopolo zili kwina, ndipo makiyi asafikiridwe ndi ana kapena alendo. Ikanimo zoyamwa chinyezi, ndipo musasiye mfuti m'chikwama cha siponji kapena cha chikopa kwa miyezi, chifukwa chimasunga chinyontho. Jambulani chidindo chilichonse, lembani nambala, mtengo, tsiku ndi kumene munagula, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba, kuti pakachitika umbava kapena moto mukhale ndi chouza apolisi ndi a inshuwaransi, komanso kuti a m'banja mwanu adzadziwe chochita nazo mwalamulo inu kulibe. Chilichonse chimene chabwera ndi mfuti, kaya ndi lamba, beneti kapena kabotolo ka mafuta ka m'thako la Lee-Enfield, chisungidwe pamodzi ndi mfutiyo. Ngati mwagula K31, masulani mosamala mabawuti awiri a chitsulo cha kuthako ndipo muyang'ane pansi pake, pakuti asilikali a ku Switzerland ankaikamo kachikwangwani kolembedwa dzina lawo, chaka chawo chobadwa, gulu lawo ndi mudzi wawo. Mukakapeza, kajambuleni, mulembe m'buku lanu zimene kakunena, ndipo mukabwezeretse pamalo pomwe mwakapeza.